Fungo la Bulugamu pa Bwalo la Mpira

Dzulo mdzukulu wanga anatsegula kabotolo ka mafuta a bulugamu kuti apake bondo, ndipo fungo lake linandibwezera kwathu ku Kasina.

Ndili kamtsikana ndinabinya phazi posewera mpira wamanja, mpikisano ndi sukulu ya kutsidya uli pafupi. Phazi linatupa ngati dzungu. Azakhali anga, amene anali namwino, ankandithowa ndi madzi ofunda m'mawa kuli chisanu, kenako n'kundisisita ndi mafutawo mpaka misozi mbwee.

"Pirira mwanawe, udzathamanga osagwidwa," ankatero.

Ine ndinkayesa ndi mankhwala a mpira aja anthu amanong'onezana. Tsiku la mpikisano ndinadzola mobisa thupi lonse, mpaka m'khosi. Mtsikana wonditchinga atamva fungolo, anabwerera chafutambuyo.

"Aphunzitsi, uyu ngokhwima!" anakuwa.

Palibe anayerekezanso kundiyandikira. Ndinaponya zigoli momasuka, phazi lili gwa, amayi a m'mudzi mwathu mpaka kusasa mawu ndi nthungululu. Tinapambana, anzanga n'kundinyamula pamapewa.

Azakhali atamva anaseka mpaka kugwira nthiti. Lero ndikudziwa kuti phazi linachira ndi zala zawo. Mafutawo anangochotsa mantha mwa ine n'kukawathira mwa adani athu.