Msana wa msilikali wa dongo

Chimene ndimayamba kukumbukira ndi thaulo lonyowa. Linali lakale, lobiriwira, lofunditsidwa pa chinthu chotalika ngati mwana wa zaka ziwiri chimene chinaima pa tebulo m'galaja ya abwana a amayi ku Gaithersburg, madzi akudonthera pa simenti. Ukavundukula thaulolo unkakumana ndi msilikali wa ku Japan, woumbidwa ndi dongo, chipewa cha nyanga ziwiri kumutu, kumaso chigoba cha mano pamtunda ndi ndevu zoimirira, thupi lonse timapale tosanjikizana ngati mamba a nsomba. Abwana ankamutchula kuti samurayi. Tsiku loyamba ine ndinathawa, ndinkayesa ndakumana ndi chilombo cha kudambwe pakati pa Amereka.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, nditangofika kumene kuchokera kwathu ku Dedza. Amayi ankasamalira akazi a abwanawo, amene anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo ife tinkagona m'chipinda chapansi pa nyumba yomweyo. Ababa ankagwira ntchito ku hotela ku Arlington, ankabwera Lamlungu lokha. Kwina kolowera tinalibe, ndiye amayi ankandikumbutsa m'mawa uliwonse kuti ndiziyenda mosamveka, ndisakhudze chinthu cha eni. Kusukulu anandilembetsa, koma ndinkangokhala kumbuyo ngati chitsa, ndipo anzanga ankagwira mphuno ndikatsegula chakudya changa. Chingerezi chochepa chimene ndinali nacho ndinachitolera m'galajamo, ndikusesa utuchi.

Abwana anali mkulu wopuma ntchito, wosalankhulalankhula, amene anakhalako ku Japan ali mnyamata. Pakona panali chipika chachikulu chonunkhira choti adzasememo msilikali yemweyo, koma nyengo yonse yozizira sanachikhudze ndi tchizulo. Ankangoumba. Anandionetsa ndi manja kuti dongo ukalichotsa kwambiri umalibwezera, koma mtengo ukausema wapita. Anali ndi kachitsulo ka miyendo iwiri koyezera: ankayeza phewa la dongo, n'kukalemba pa chipika ndi pensulo, ayeze chipewa, alembe, ayeze msana, alembe. Akamaliza ankawaza madzi ndi kabotolo kuti dongo lisaume. Madziwo akangotera, galaja yonse inkanunkhira ngati pabwalo pathu tsiku la mvula yoyamba, fungo lija limakugwira kukhosi.

Amayi anali ndi pakati. Sanandiuze, mwana sauzidwa, ndinangoona chitenje chikukwera. Kwathu mayi woyembekezera sayang'anitsitsa chinthu choipa nkhope, amati mwana angatengere, ndiye tiyi wa abwana ankandituma ine, eni ake akudutsa pakhomo pa galaja atazolika. Komanso kwathu mayi wotero akalakalaka dothi amangopita pachulu, kapena kugula lowamba pamsika, amadya ali pakhonde anzake akumuseka, palibe wodabwa. Kuno nthaka inali gwa ndi chisanu, pamwamba pake chipale cha sinowo chakuda ndi mchere wa mumsewu. Ndinkawaona amayi akununkhiza mbatata asanatsuke.

Masana ena abwana atagona pampando wawo, ine ndili kuseri kwa matabwa kufunafuna chotolera zinyalala, amayi analowera khomo lam'mbali. Anabwera chammbali, nkhope atatembenuzira kukhoma kuti asaone chigoba chija, n'kukaima kumbuyo kwa msilikaliyo. Anakweza thaulo pang'ono, anatsina dongo pamsana, n'kuponya m'kamwa. Anatsinzina. Nkhope yawo inamasuka mmene ndinali ndisanaionere chifikire, ngati munthu amene watula mtolo. Kenako ananyowetsa chala, anasalaza pamene anatsinapo, anabwezera thaulo. Ine sindinatsokomole, sindinapume n'komwe, ndinangomva kutentha kumaso, ndikuganiza za ana ogwira mphuno aja, kuti atadziwa izi anganene chiyani.

Maso a abwana sanaone, koma kachitsulo kaja kanaona. Msana wa dongo sunkagwirizananso ndi mizere ya pachipika. Anamata dongo latsopano, patapita masiku anapeza pakumbikanso, anamatanso, pakumbikanso. Loweruka lina m'mawa analowa ndi kabokosi kojambulidwa khoswe. Anathira timibulu take m'mbale, anayamba kusinja ndi chigwiriro cha tchizulo, n'kundilozera mpira wa dongo lomatira, kenako anandigwedezera chala kuti ndisadzakhudze msanawo. Ndinamva zonse popanda Chingerezi. Kwathu ndinaonapo galu atadya tameki, thovu kukamwa, miyendo ikupalasa pansi. Kumwamba ndinkamva madzi, amayi akusambitsa odwala aja, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Ndikanena, atithamangitsa, ndipo mzunguyu azitiona ngati anthu odya dothi. Ndikanatha kuthamanga kukawanong'oneza amayi, mpaka lero ndimaganiza zimenezo, koma ndikanayamba bwanji kuwauza kuti ndinawaona, ndiponso ndinkadziwa kuti fungo lija likawaitana adzangotsina pambali pake. Zala za abwana zinali zitayamba kale kukanda.

"Not rat," ndinatero. "Mama." Ndinaloza pakamwa, kenako pamimba.

Anandiyang'ana, makutu awo anafiira. Anataya dongolo pamodzi ndi mbale yomwe, anasamba m'manja, anasambanso, kenako anakwera kukaitana amayi. Zimene zinachitika kukhitchini ndi zimene zimandiwotchabe. Ine ndiye ndinaima pakati kumasulira, mwana kufunsa mayi ake kuti munayamba liti, mwadya lochuluka bwanji. Amayi anagwada pansi monga timachitira kwathu, abwana anayesa kuwadzutsa, iwo anangotsikira pansi kwambiri, manja ali ndi thovu la sopo. Sanatithamangitse. Anawatengera kuchipatala pa galimoto yawo, kumene anati magazi achepa, n'kuwapatsa mapiritsi. Koma mawa lake pakhomo lam'mbali la galaja panali loko watsopano, wonyezimira, ndipo amayi ankamudutsa tsiku lililonse potaya zinyalala. Kwa ine ananena mawu amodzi okha, tili m'chipinda chathu: "Iwe, wandivula pamaso pa mzungu." Nkhaniyo sanaitchulenso, ngakhale kwa ababa.

Kutayamba kutentha abwana anagwira tchizulo, galaja inadzaza tizibenthu tonunkhira, ndipo msilikali anatuluka m'chipikamo pang'onopang'ono, msana wake uli see, wopanda chipsera. Wa dongo uja anamuphwanya n'kumubwezera m'ndowa. Mlongo wanga anabadwa mwezi womwewo, wa nkhope yabwinobwino, wamphamvu, wolira mokweza. Ndinkamuyang'ana akuyamwa, ndikuyembekeza kuti mwina tsopano amayi andiyang'ana n'kunena kanthu, koma sananene.

Lero amayi anabwerera kumudzi, sukulu ine sindinapite nayo patali, ndili ku Bowie, konkuno ku Amereka, ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi, ndipo chitenje changa chayambanso kukwera. Kutchalitchi kuli mayi wina wa ku Zambia amene amakuikira kapepala ka dothi m'chikwama popanda kukufunsa, ndipo kanga ndimakabisa m'chitini cha tiyi. Mapiritsi ndimamwa, sindidumphitsa, koma dzulo kunagwa mvula, fungo lija linalowera pawindo, miyendo inanditengera yokha kukhitchini, ndinaponya dothi m'kamwa, n'kutsinzina. Nditatsegula maso, mwana wanga anali pakhomo akundiyang'ana. Mwana ameneyu Chingerezi chake ndi chosalala, amauza aphunzitsi ake chilichonse, ndipo ndinaona kale nesi akulemba, anthu akugogoda pakhomo kudzafunsa ngati ndine mayi woyenera. Ndinatsala pang'ono kumukalipira kuti asadzauze munthu.

Koma ndinakumbukira kuseri kwa matabwa kuja. Manyazi aja ndinawasenza ndekha chifukwa panalibe amene anandiuza kuti chimene ndinaonacho chili ndi dzina, kuti kwathu amayi ambirimbiri amachita, ndiponso kuti chili ndi mankhwala ake. Ndinatsuka m'kamwa, ndinamukweza pachiuno.

"Mama, what's that?"

"Ndi dothi, mwananga. Agogo akonso ankadya. Lolemba tikawauza a nesi, ine ndi iwe, koma wolankhula ndikhala ine."