Kabala ka Tiyi ndi Mlandu wa Tsempho

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, ndipo manja angawa ali ndi zipsera zosawerengeka. N'chifukwa chake tsiku limene mwana wathu wamkazi, wongoyamba kumene kuyankhula, anadzikhuthulira tiyi pamkono, ndinadziyesa katswiri wa nyumba yonse. Magetsi anali atathima monga mwa masiku onse ku Mindolo, ndiye tiyiyo anali wa pambaula. Balalo linali laling'ono ngati chitsekerero cha botolo.

"Aka si kabala," ndinatero. "Ku ntchito timapsa kuposa apa, n'kupitiriza kuwotcherera."

Amake mwana anapakapo mankhwala otsukira mano. Mayi wa khomo loyandikana anathamangira ndi dzira laliwisi. Kunangotsala shuga kuti mkonowo ukhale keke. Apongozi anga, amene anachokera ku Katete kudzacheza pang'ono mvula isanayambe koma anali akadalipo chimanga chitauma, anamangapo kansalu. Tonse tinaiwalako.

Patangopita masiku ochepa, mwana anatentha thupi, n'kuyamba kusanza ndi kutsekula m'mimba. Khungu linafiira thupi lonse. Ine ndinati ndi malungo. Apongozi anati ndi tsempho. Kwathu amati mwana akadwala mosadziwika bwino, ndiye kuti atate ake ayenda njira zachilendo n'kubwera kudzamugwira. Tsoka ilo, sabata imeneyo ndinkafika mochedwa, chifukwa tinkamaliza geti la bwana wina ku Nkana West.

Mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, choncho iwo ankauza firiji.

"Anthu ena m'nyumba muno afotokoze kumene amachedwa."

Ine ndinkayankha wailesi yakanema yothima.

"Anthu enawo amakhala ku geti."

"Geti la ndani? Limavala chitenje getilo?"

Mtima wanga ndi wapachala, ndipo apa unaphulika. Ndinathamanga kukaitana mkulu wa mpingo kuti adzandiikire umboni. Iwo anafika ndi Baibulo m'khwapa, anakhala pampando wanga, n'kufunsa ngati m'nyumba munali kamkate. Kenaka anayamba nkhani ya Davide ndi mkazi wa Uriya, ndipo ndinaona kuti mboni yanga yandigulitsa.

Mlandu uli mkati, m'chipinda munangoti zii. Mwana amene ankalira kuyambira m'mawa anali atasiya. Amake anatuluka atamubereka, mutu uli lendelende, ndipo anatidutsa osayang'ana aliyense.

"Imwe zengani mlandu wanu," anatero ali pakhomo. "Ine nayenda ku chipatala."

Ndinawathamangira, ndipo tinakwera takisi. Sindinachitepo mantha ngati amene ndinachita mu takisi muja. Ndinkamuitana mwanayo, iye n'kumangondiyang'ana ngati sakundidziwa. Mapazi ake anali ozizira pamene mutu unali moto.

Namwino atamuona anafunsa m'Chibemba chimene chinali pansi pa kansaluko.

"Ni kabala chabe ka tiyi," ndinayankha. "Kang'ono maningi."

Sanandimvere n'komwe. Anamasula kansaluko, n'kufuulira anzake, ndipo mwana anatichoka m'manja. Pambuyo pake adokotala anatifotokozera kuti bala la moto, ngakhale laling'ono, limatha kulowa tizilombo totulutsa poizoni m'magazi, ndipo ana aang'ono matupi awo amakhala asanaphunzire kulimbana naye. Anati kutentha thupi, kufiira khungu ndi kutsekula m'mimba mwana atapsa si zoyembekezera kuti kuche. Anatiuzanso kuti pamalo opsa pamafunika madzi ozizira ndi chipatala, osati zam'khitchini. Anamuika madiripu ndi mankhwala opha tizilombo, n'kutiuza kuti sakulonjeza kanthu.

Apongozi, amene anatitsatira, anamva zonsezi ali pabenchi, chitenje chili kukamwa. Atatha anauza khoma kuti matenda angathe kukhala awiri, adokotala n'kuonapo amodzi.

Masiku amene anatsatira sindinapite ku ntchito, ngakhale kunyumba kukasamba. Ndinkangokhala pambali pa bedi mu ovololo yanga ya ku ntchito yomwe ija, kuyang'ana madzi akudontha m'botolo n'kumawerenga mpweya wake. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, mpaka la pa chakudya.

Masana ena anatsekula maso. Anayang'ana amake, kenaka ine. Ndinawerama pafupi kuti ndione ngati wandizindikira. Anakwinya mphuno, n'kundikankha ndi dzanja losapsa lija.

"Atate, mukununkha."

Amake anaseka mpaka kugwira chitsulo cha bedi. Ine ndinatuluka panja ngati ndikukafuna madzi osamba, ndipo ndinalira mokweza pamaso pa anthu onse amene anali pamzere wa mankhwala.