Kabokosi Kamene Kanatseka Pakamwa Alamu Anga

Loweruka ndinali kwa Champiti, kukaona alamu anga. Titatopa ndi kukumba mbatatesi, tinakhala pansi pa mtengo wa msuku m'mphepete mwa kankhalango ka paphiri. Alamuwo anayamba kuwadya miseche apongozi awo, mawu ali pamwamba.

Mwadzidzidzi anangoti zii. Maso ali pa kabokosi kobiriwira komangiriridwa kuthunthu la mtengowo.

"Alamu, katijambula aka," ananong'ona. "Zikakafika kwa apongozi, ine banja latha!"

Mwamwayi panatulukira mayi wina woona za nkhalango, wabwera kudzasintha mabatire. Titamufunsa anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Bambo, miseche yanu tilibe nayo ntchito. Akatu kamamvera mbalame."

Anatifotokozera kuti kabokosiko kamajambula kulira kwa mbalame mvula ndi dzuwa, kenako kompyuta imazindikira kuti uyu ndi pumbwa, iyi ndi njiwa. Mbalame imene yasiya kumveka, amadziwa msanga kuti kwawo kwaonongeka. Umboniwo ndi umene amapita nawo kwa akuluakulu pokapempha kuti nkhalangoyo itetezedwe.

Anatiikira pafoni pake kuti timve zimene kabokosiko kanajambula. Nkhwali! Sindikukumbuka kuti ndinaimva liti komaliza. Koma pambuyo pa nkhwaliyo pankamveka china: kho! kho! kho!

"Nanga imeneyo ndi mbalame yanji?" anafunsa alamu.

"Imeneyo ndi nkhwangwa," anayankha mayiyo. "Masiku ano ndi imene ikulira kwambiri kuno."

Tonse tinaseka, koma kuseka kwake kosafika pamtima.

Inu awerengi, tisanamizane. Makala amene timaotchera chimanga m'tauni muno sagwa kumwamba. Thumba lililonse loimikidwa m'mbali mwa msewu linali nyumba ya mbalame inayake. Ndipo mbalamezo si zokongoletsa chabe. Mbozi za m'munda mwa alamu anga amazitola ndani?

Ena mudzati zamakina ndi zachizungu. Ine ndikuti wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atakhala wa mabatire. Kabokosiko sikagwira wodula mitengo, sikabzala mbande. Kamangomva, n'kutiuza. Zotsalazo ndi zathu.

Mdzukulu wanu akadzafunsa kuti nkhwali imalira bwanji, mudzamutengera kuphiri, kapena mudzangomupatsa foni?