Timabowo Timene Atate Ankafuna Kuona

Chaka chimene shuga anayamba kudya maso a atate, ine ndinkalera maselo oyeserapo kachilombo kena koyambitsa matenda mu labu ya ku yunivesite. Kulera kwenikweni, musaseke. Ankakhala m'timabotolo tamadzi ofiirira, m'bokosi lofunda ngati m'khwapa, ndipo chakudya chikachedwa ankanyanyala. Ndikatsika kombi yochokera kwathu ku Nguboyenja m'mawa, ndinkavala jasi loyera n'kuthamangira kukawasuzumira. Pa maikulosikopu ankaoneka ngati timiyala tonyowa toyalidwa bwino. Ndinkawayang'ana mpaka kuiwala kuti kunja kuli tauni, makina akung'ung'udza chapansipansi, anzanga akukangana za mpira m'Chindebele, mawu awo akumveka ngati ali kutsidya.

Atate anachoka ku Chipata ali mnyamata, nadzagwira ntchito m'tauni muno pa fakitale ya nsalu ku Belmont mpaka inatsekedwa. Iwo ankakhulupirira chinthu akachigwira.

"Iwe, kachilombo kakoko udzandionetsa liti? Maso anga akupita awa."

"Sikaoneka, atate. Ngakhale ine sindinakaonepo."

"Ha! Ndiye sukulu yonseyi ukuweta mphepo?"

Ndinawafotokozera, Chichewa changa chikupunthwa apa ndi apo, kuti kachilomboko timakadziwira pamene kadya. Timayala maselo m'kambale, timathiramo kachilombo, pakapita masiku timapha zonse ndi mankhwala n'kupaka utoto wapepo. Pamene kadya pamatsala timabowo toyera. Iwo anati basi, timabowoto ndiye atione.

Koma abale, kuti timabowoto tibwere! Magetsi akathima, jenereta n'kuchedwa kulira, maselo ankafa. Ulendo wina m'botolo munamera chuku. Ulendo wina ndinathira utoto mwamphamvu, maselo onse n'kukokoloka. Majakaranda anachita maluwa, anayoyoka, mvula inagwa, ine ndili chiyambire chiyambire. Kunyumba atate anayamba kufufuza kapu ya tiyi ndi zala patebulo, ndipo madokotala anali atanena kale kuti maso amenewo sabwerera. Ndinkaopa, ndisaname. M'kombi ndinkasinza n'kumalota timabowo tikutseguka pa galasi la zenera.

Tsiku lina masana ndinatsuka kambale, n'kukweza m'mwamba. Mayo ine! Pepo yense bii, timabowo mbee, tozungulira bwinobwino, toti n'kuwerenga. Aphunzitsi athu, mayi osaseka wambawamba, anakayang'ana nthawi yaitali pazenera n'kunena kuti, "Izi ndiye zake." Mnzanga wa pa benchi yoyandikana anaimba nthungululu, magulovu ali m'manja. Ndinapempha kuti atate abwere. Aphunzitsi anavomera, poti zonse m'kambalemo zinali zakufa, koma anati alekezere m'khonde, m'kati asalowe.

Anabwera atavala suti ya kutchalitchi, atandigwira pachigongono kuchokera pa geti. Aliyense wodutsa ankamupatsa moni, "Salibonani," n'kuwonjezera kuti uyu ndi mwana wanga. Ndinawakhazika pampando pafupi ndi zenera lalikulu pomwe dzuwa linkalowa. Ndinaika kambale patebulo, ndinachotsa chivundikiro chake choonekera mkati n'kuchiika pambali. Pomwepo aphunzitsi anatulukira kudzawalonjera, ine n'kutembenuka kuti ndiwalandire.

Pocheuka ndinapeza atate atanyamula kale, atakweza kudzuwa ndi manja awiri, mutu atapendeketsa. Chinali chivundikiro. Kambale kanali pomwe ndinakasiya.

"Eee," anatero pang'onopang'ono. "Ndatiwona. Tambiri, eti? Kadya zedi kanthu kameneka."

Aphunzitsi anandiyang'ana. Chisoni chinandigwira. Atate anapitiriza kutembenuza pulasitiki yopanda kanthuyo mosamala, akumwetulira, nkhope yonse ili padzuwa.

"Wagwira ntchito, mwanangu. Tandiwerengera, tilipo tingati?"

Ndinaima pambali pawo, ndinagwira chala chawo, n'kuyamba kuchiyendetsa pa chivundikirocho, tikuwerenga limodzi.