Waya wa pa Sipuling'i ya Ng'ona

Ndikukumbukira bwino nthawi imene Ng'ona inabwera pa galaja ya amalume anga ku Chinamwali, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ng'ona inali galimoto. Mwini wake, a Dalitso, anabwera nayo kuchokera ku Joni, yofiira ngati tomato wakupsa, ndipo anali ataitsitsa dala mpaka mimba yake inkangotsala pang'ono kukhudza pansi. Ikafika pa hampu inkaima, n'kupingasa, n'kumakwera tayala limodzilimodzi uku akabaza akuiwombera m'manja moinyodola. Koma ikapeza msewu wosalala, kulira kwake kunkamveka mpaka m'chifuwa, moti onyodola omwe aja ankapotoza makosi kuiperekeza ndi maso. Ine sindinaisekepo. Ndinkaima kukamwa kuli yasa, osamvetsa kuti chinthu chokongola chotero chinapangidwa ndi manja a anthu.

Amalume a Jafali, alongo awo a mayi anga, anali makaniko wosalankhulalankhula. Galaja yawo inali denga la malata akale adzimbiri lokhala pa nsanamira zinayi, kumbuyo kwa nyumba imene tinkakhala tonse. Ine, ngakhale ndinali mtsikana, sindinkachoka pamenepo. Ndinkapanga magalimoto a mawaya oposa a anyamata onse a m'dera lathu, ndipo ndinkawauza zimenezo pamaso. Mayi anali atatopa nane. Ankati Patuma ameneyu adzakwatiwa ndi sipanala.

Misewu ya ku Zomba inali itaidya miyendo Ng'ona. Inkadumphadumpha ngati chule, ndipo kutsogolo kwake kunkagogoda ikangoponda kadzenje. Amalume anaizungulira, anatsamira ndi chikhatho pamwamba pa tayala lakutsogolo, n'kusiya. Galimoto inanjanja katatu isanakhazikike. Anapisa dzanja kuseri kwa tayala, zala n'kutuluka zitanyowa mafuta akuda. Anauza a Dalitso kuti mashoko akutsogolo, zitsulo zoletsa galimoto kudumphadumpha, atha, ndipo asinthe onse awiri. A Dalitso anayesa kukakamira kuti asinthe limodzi lokha limene linkadontha kwambiri, koma amalume anangowafunsa ngati anagulapo nsapato imodzi. Patapita masiku angapo, mashoko atsopano anafika pa minibasi kuchokera ku Blantyre, m'makatoni awiri ataliatali.

Shoko lakutsogolo limakhala m'kati mwa sipuling'i, ndipo kuti ulichotse uyenera kuyamba wafinya sipuling'iyo. Amalume analibe chipangizo chofinyira. Ankagwiritsa ntchito galimoto yomweyo. Ili chiimire, kulemera kwake kutafinya kale sipuling'i, iwo ankamanga sipuling'iyo ndi waya wonenepa m'malo atatu, n'kupota zolimba. Kenako ankakweza galimoto ndi jeke, n'kumasula zonse, sipuling'i n'kutuluka ili yofupika, yomangidwa ngati mtolo wa nkhuni. Lachisanu lina m'mawa anachita zimenezo mbali zonse ziwiri. Masipuling'i awiriwo anakawagoneka kuseri kwa mulu wa matayala akutha, n'kuwafunditsa chiguduli.

“Izi musakhudze,” anatero kwa ine ndi ana ena amene tinali pamenepo. Anasamba, anavala mkanjo ndi mzuli, ulendo wa ku mzikiti.

Sananene chifukwa, ndipo ine sindinafunse. Paja safunsa anadya phula. Masiku amenewo ndinali m'kati mopanga Ng'ona yangayanga, yotsika ngati yeniyeniyo, ndipo chinkandisowa chinali waya wolimba wa chiwongolero. Waya ngati umene amalume anamangira uja sunkapezeka kudzala. Anzanga atabalalika, ndinavundukula chiguduli n'kuwerenga: mawaya atatu pa sipuling'i iliyonse. M'nzeru zanga zaubwana ndinati awiri ndi okwanira, wachitatuwo ndi mwanaalirenji. Ndinatenga pulayala, ndinalimbana nawo mpaka zikhatho kufiira, ndipo pomaliza unaduka. Sipuling'i inabuula pang'ono, n'kupindikira mbali imodzi ngati nthochi. Ndinaigubuduza kuti mbali yodulidwayo iyang'ane pansi, ndinabwezera chiguduli, n'kukabisa waya wanga kumpanda.

Amalume anabwerako a Dalitso akuwadikira. Anavala ovolosi, natenga sipuling'i yoyamba, imene sindinaikhudze. A Dalitso anasendeza nkhope pafupi kuti aone bwino, koma amalume anawakankha ndi chigongono. Ndipo tsiku limenelo munthu wosalankhulalankhula uja analankhula. Anawafotokozera kuti kulemera konse kwa injini kumene sipuling'iyo inkanyamula sikunapite kulikonse, kuli momwemo, kwangogwidwa ndi mawaya atatuwo. Anati ali mnyamata akuphunzira ntchito ku Limbe, anaona waya ukuduka mnzawo atawerama, ndipo munthuyo sanatafunenso nyama moyo wake wonse. Anati waya umodzi ukangoduka, otsalawo amakhala akungoyembekezera wina awagwedeze.

Ndinamva mawu aliwonse. Ndinali nditakhala pa chitini cha oyilo, pafupi kwambiri.

Anaveka sipuling'i yoyamba pa shoko latsopano, anamanga nati yapamwamba, kenako anadula mawaya ake umodziumodzi. Inadziwongola pang'onopang'ono n'kukhazikika malo ake, yofatsa ngati mbuzi yomangirira. Ntchito imeneyo inatenga nthawi, ndipo nthawi yonseyo pakamwa panga panali potseka. Ndinkaganiza za chikwapu cha mayi. Ndinkaganiza zoti andiletsa kufika pa galaja, ndiponso za manyazi otchedwa wakuba pamaso pa a Dalitso. Ndinkadziuza kuti mwina mawaya awiri agwira, mwina amalume aona okha. Anapukuta m'manja, anadzuka, n'kuyamba kuyenda kulowera ku matayala aja. Ndinawayang'ana akuyenda. Ndinawayang'ana akuvundukula chiguduli, akunjuta, akulowetsa manja onse awiri pansi pa sipuling'i. Atainyamula kufika pachifuwa, m'pamene mawu anatuluka.

“Amalume, ndadulapo waya umodzi.”

Sanatembenuke. Sanadzidzimuke n'komwe. Anaima chilili, ndipo mawu awo anali otsika ngati akufunsa za nyengo.

“Uti?”

“Wapansiwo.”

“A Dalitso, mutengeni mwanayo mupite naye kuseri kwa galimoto.”

Ndinasuzumira kudzera m'magalasi a Ng'ona. Ndinaona amalume akutalikitsa chinthucho ndi nkhope yawo pang'onopang'ono, mutu atautembenuzira kumbali. Pakona ya galaja panali mgolo wachitsulo wopanda kanthu. Anayamba kuyenda kupita kumeneko mosatukula mapazi, monga amayendera munthu wosenza ndowa yodzaza mpaka m'milomo. Mpaka lero sindinaonenso munthu akuugwira mtima ngati mmene anachitira tsiku limenelo. Mawaya awiri otsala aja ankalira kamawu kakang'ono, koonda. Anafika pa mgolo, anayamba kutsitsiramo, ndipo atatsala pang'ono kuisiya, waya wachiwiri unaduka.

Phokoso lake ndinalimva m'mano. Mgolo unalira ngati belu, sipuling'i inatuluka mmenemo mothamanga kuposa maso, inaboola denga la malata, n'kukagwera m'munda wa chimanga wa aneba. Kenako kunali zii. Padenga panatsala chiboo chimene dzuwa linkalowerapo, ndipo dzimbiri linkagwa pang'onopang'ono m'kuwalako. Ndinachita mantha, koma ndisaname, ndinachitanso kakasi. Kachitsulo kamene ndinakagubuduza ndi manja angawa masana omwewo kanali ndi mphamvu zotere m'kati mwake, kali phee pansi pa chiguduli.

Amalume anali chiimire pomwepo, maso onse awiri ali bwinobwino. Koma chala chachikulu cha dzanja lawo lamanja chinali chitaloza kumene chala sichiloza, ndipo magazi ankatsikira kuchigongono. A Dalitso anaitana akabaza awiri, n'kuthamangira nawo kuchipatala.

Madzulo atabwerako dzanja lili m'mabandeji, mayi anawafunsa chimene chinachitika. Ine ndinali pakhomo, ndikuyembekezera kuti thambo ligwe. Amalume anangoti sipuling'i yawamenya, ndipo ntchito yawo ndi yotero. Sanandiyang'ane. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anapemphanso a Dalitso kuti nkhaniyo ithere pa galaja pomwepo. Ndinadikira chilango tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, koma sichinabwere. Kudikirako kunandiwawa kuposa chikwapu, moti chakudya sichinkatsika. Waya uja ndinakautaya m'chimbudzi.

Patatha mlungu ndi theka, anamaliza ntchitoyo ndi dzanja lamanzere, mothandizidwa ndi makaniko mnzawo wa ku Matawale amene anabwera ndi chofinyira chenicheni. Itatsika pa jeke, amalume anatsamiranso pakona paja n'kusiya. Ng'ona inadzuka kamodzi n'kuima nji. Anati iyenera kukayesedwa pa msewu wokwera phiri, chifukwa makona a kumeneko sanamiza. A Dalitso anakhala pachiwongolero, amalume pambali pawo. Ndiye anatsegula chitseko chakumbuyo n'kunena kuti, “Patuma, kwera.”

Ndinabadwira m'tsinde mwa phiri la Zomba, koma ndinali ndisanalikwerepo pa galimoto. Tinadutsa m'tawuni, tinayamba kukwera, ndipo mpweya wozizira wonunkhira mitengo ya paini unayamba kulowa pawindo. Msewu unkapindika uku ndi uku, phompho lili pambali, koma galimoto inkagwira phula osapendekeka, osagogoda. Ndinkamva msewu wonse pansi panga, kamwala kalikonse, koma mopanda kugwedezeka. Amalume anali atatsinzina. Ankamvetsera ntchito yawo, dzanja lamabandeji lili pachifuwa, ndipo pakona iliyonse ankagwedeza mutu pang'ono. Ndinaiwala kwa kanthawi kuti ndine wolakwa.

Pamwamba tinaima pamalo oonekera kutali. Tawuni yonse inali pansi pathu, madenga ake ngati timapepala, ndipo kutsidya nyanja ya Chilwa inkanyezimira mu nkhungu. Ndinayesa kupeza Chinamwali, koma ndinalephera kuloza nyumba yathu. A Dalitso anatsata anyamata ogulitsa zipatso m'timbale, n'kutisiya awiri. Amalume anakhala pa mwala, nandikodola kuti ndikhale pambali pawo.

“Za waya uja sindikukuimba mlandu,” anatero. “Ndinakuletsa osakuuza chifukwa, pamenepo ndinalakwa ndine. Koma pamene ndinkauza a Dalitso zija, unamva?”

Ndinavomera ndi mutu.

“Kuchoka pa galimoto kukafika pa matayala paja ndi mapazi angati?”

Ndinati sindikudziwa.

“Ndawerenga dzulo. Khumi ndi anayi.” Anayang'ana dzanja lawo. “Unanena, n'chifukwa chake ndili ndi maso. Ukananena msanga, ndikanakhalanso ndi chala.”

Ndinalira mpaka kusisima, ndipo iwo anandisiya ndilire. A Dalitso atabwera ndi zipatso, amalume anawauza kuti mphepo ya kuphiri yamulowa mwanayu m'maso.

Lero ndine namwino, ndipo pantchito yathu munthu amalakwitsa ndithu. Ukhoza kulemba pa fayilo yolakwika, kapena kuiwala kupereka mankhwala pa nthawi yake. Zikandichitikira, ndimanyamuka nthawi yomweyo kukauza dokotala, ndisanapeze n'komwe mawu abwino odzitetezera. Anzanga amati ndine wolimba mtima. Si zoona. Mantha amene ndinali nawo pa chitini cha oyilo paja ndikadali nawo, ndipo amandiuzabe zomwezija, kuti dikira kaye, mwina zigwira, mwina aona okha. Chimene ndinamvetsa n'chakuti kudula waya kunali ubwana, koma kukhala chete nditadziwa kale kuopsa kwake kunali kusankha kwanga, ndipo amene analipira ndi munthu wina.

Chala cha amalume sichinapindikenso. Anagwirabe ntchito zaka zambiri, koma timanati ting'onoting'ono ankachita kupempha wina kuti awagwirire. Mayi anamwalira akuganiza kuti inali ngozi chabe ya pa ntchito, ndipo amalume sanaitchulenso nkhaniyi ngakhale kamodzi. Panopa ndi okalamba, akukhalabe ku Chinamwali. Ndikapita kukawaona ndimagwada, iwo n'kutambasula dzanja lamanja kuti tipatsane moni. Zala zinayi zimandigwira mwamphamvu, koma chachikulucho chimangogona pamwamba pa dzanja langa, chouma, osagwira kanthu.