Mtengo wa Timphira wa Solvej

Solvej Thygesen wakalambira pa sukulu ya mkaka ya m'tauni yathu, ndipo mkwiyo wake umadziwika mpaka kokwerera basi. Samakalipira ana, amakalipira akuluakulu.

Sabata iliyonse amasankha mutu umodzi, masewera onse n'kuzungulira pamenepo. Ukakhala mutu wa matope, makolo amachapa mpaka kutopa. Mutu umene amaunyadira ndi wa kutsazika, wokonzekeretsa ana kusiya kamphira koyamwa. Ana amayimbira mbalame zothawa chisanu, amatsazika masamba ogwa, kenako Lachisanu amapita kupaki kukapachika timphira tawo pa mtengo wakale, monga anachitira makolo awo.

Chaka chino panali Troels, wa zaka zinayi, amene mano ake anali atayamba kupindika. Mayi ake anali atalephera kumusiyitsa kamphira. Solvej anamunyengerera sabata yonse mpaka mwana anavomera, bola kamphira kake kakapachikidwe pafupi ndi ka mlongo wake, Ditte.

Lachisanu anafika ali pamzere, atagwirana manja. Anapeza chitsa. Timphira tonse tinali titaunjikidwa m'lole pamodzi ndi nthambi, ndipo bambo wina wa jekete lowala ankadya buledi wake wakuda osatekeseka.

"Bambo inu, mtengo uja uli kuti?" Solvej anafunsa.

"Pano pakhala poimika njinga, mayi. Anakhoma chidziwitso kalekale."

"Chidziwitso? Ana awa amawerenga? Munalephera kudutsa msewu kudzatiuza?"

"Aa, ine ndangotumidwa. Komanso zinthuzi zinali zauve."

"Zauve ndi mitu ya amene anakutumaniwo. Ndipo musamandiyankhe chakudya chili m'kamwa."

Zimakwiyitsa zedi. Anthu amene sanapukutepo mamina a mwana amakhala mu ofesi n'kujambula mzere papepala, ntchito ya munthu n'kuthera pomwepo. Koma ana ankamuyang'ana, choncho Solvej anagwada pa udzu wonyowa.

"Troels, tipeze mtengo wina. Uwo apo ndi wokongolanso."

Mwana sanauyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa lole.

"Solvej, unanena kuti mtengo umasunga. Ka Ditte ataya."

Troels anamasula kachingwe kopachikira kamene anamangira yekha, n'kubwezera kamphira kake m'kamwa. Ana ena awiri ataona, anachitanso chimodzimodzi.