Zisa za Kuseri kwa Thanki

Bambo anga anthu amawadziwa ndi dzina lakuti a Makiyi. Mukamva ngwerengwere pamasitepe, dziwani kuti ndi iwowo, mulu wa makiyi uli m'chiuno, buluku litapendekera mbali imodzi chifukwa cha kulemera. Agwira ntchito yosamalira nyumba yosanja ya maofesi kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Babu likapsa, a Makiyi. Chimbudzi chikatsekeka, a Makiyi. Lifiti ikaima pakati pa nsanjika yachitatu ndi yachinayi, monga imachitira ikadzuka ndi nkhwidzi, wokafuula pachitseko kuti "Musaope, tikubwera!" ndi iwo omwe.

Ntchitoyi inabwera ndi chipinda. Chili pansi, kuseri kwa nyumbayo, pakati pa migolo ya zinyalala ndi mamita a magetsi. Zenera lake ndi limodzi, ndipo limayang'anizana ndi khoma. Ine ndinakulira mmenemo, ndipo nditangopeza ntchito ndinathawamo osacheuka. Iwo sangathawe. Amayi anafa ziwalo mbali imodzi zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo chipinda chimenechi, kuipa konseko, chilibe sitepe ngakhale imodzi. Komanso ababa amatha kuthamangirako pakati pa ntchito kukawatembenuza ndi kuwamwetsa madzi. Ndi ntchito iti ina ingamulole munthu zimenezo? Choncho tchuthi satenga, ndipo akatuluka pageti amayenda ngati asiya mkaka pamoto.

Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu ameneyu amakonda zam'tchire kuposa aliyense amene ndikumudziwa. Njovu anangoiona pakalendala. Nkhalango yawo inali kumapeto kwa masitepe, pamwamba pa nsanjika yachisanu, m'kachipinda ka thanki ya madzi. Mmenemo munali kazenera kopanda galasi, ndipo chaka chilichonse mvula ikayandikira, anamzeze ankalowera pamenepo n'kumanga zisa zawo zamatope pakona ya denga, kuseri kwa thankiyo. Kiyi wa kachipindako anali ndi ababa okha.

Ankazisamala mbalamezo kuposa mmene ankasamalira eni maofesi. Pansi pa zisa ankayala makatoni, n'kumawasintha m'mawa uliwonse anthu asanafike. Chivundikiro cha thanki anachikuta ndi pulasitiki. Mpopi wa kuseri, pafupi ndi khomo lathu, ankausiya dala ukudontha kuti anamzezewo apeze matope omangira. Amayi ankakonda kunena, ndi pakamwa pawo popotoka paja, kuti, "Ine mkazi mnzanga ndili naye, kungoti ndi wanthenga."

Ndiye panali zolembalemba. Nyengo yonse ababa ankatola maenvelopu otayidwa m'maofesi, n'kumalemba kumbuyo kwake ndi pensulo: tsiku limene woyamba wafika, zisa zingati, ana angati auluka, angati agwa. Kwa iwo chaka chinkatha tsiku limene namzeze womaliza wachoka. Pamenepo ankagula kope latsopano, n'kukakhala pa ndowa yovundikira m'kachipinda kaja Lamlungu masana, kusandutsa maenvelopuwo nkhani. Chaka chimodzi, kope limodzi. Akamaliza ankatiwerengera. Amayi ankagona patsamba lachitatu, ine ndinkafika kumapeto.

Sizinali za manambala okha ayi. Ankalembamo maganizo awo, makamaka pa kulemba kwenikweniko. Mu kope lina muli mawu awa: "Ukalemba kuti mbalame inauluka mokongola, wanama, chifukwa sunayang'ane. Lemba kuti inalowa cham'mbali, phiko limodzi lili pansi, matope ali kukamwa. Wolemba asamabise kanthu, ngakhale kakang'ono." M'lina analemba kuti: "Ine ndi anamzeze tinagawana ntchito. Iwo amapita, ine ndimadikira." Mawu amenewa nditawamva koyamba ndinaseka. Pano sandiseketsanso.

Ine ndimagwira ntchito pa kashopu kotayipa ndi kufotokopa. Tsiku lonse ndimatayipa makalata ofunsira ntchito ndi malipoti a misonkhano, zolembedwa ndi anthu ovala mataye koma osatha kumanga chiganizo. Zinkandipsetsa mtima. Bambo anga amalemba kuposa onsewa, koma owawerenga ndi awiri, mmodzi wa iwo n'kumagonanso! Tsiku lina kunabwera kasitomala kudzafotokopa kanyuzipepala ka gulu la anthu okonda mbalame. Patsamba lomaliza anapempha aliyense amene ali ndi nkhani ya chaka chake ndi zachilengedwe kuti atumize. Sindinazengereze. Ndinabwereka kope lachisanu ndi chiwiri pamwamba pa khumi, n'kunama kuti ndikufuna ndikaliwerenge bwino kunyumba. Ndinalitayipa lonse n'kutumiza, osapempha mwini wake.

Dzina lawo ndinachotsa, n'kulemba kuti "Wosamalira nyumba wina." Dzina la msewu munalibe kale. Ndinadziona wochenjera kwambiri. Zina zonse ndinazisiya mmene zinalili, poti eni ake anati wolemba asamabise kanthu. Lifiti inalimo, thanki inalimo. Munalinso chiganizo china chimene ababa anaulula kuti galasi la kazenera kaja silinasweke lokha, analichotsa ndi iwo ataona namzeze akuliwomba kufuna polowera.

Nkhaniyo inatuluka patapita miyezi, anamzeze atabwerera kale ndipo mazira ataswa. Ndinathamanga nako kanyuzipepalako nthawi ya nkhomaliro, n'kuwapeza ali pamakwerero akusintha babu. Anatsika, anapukuta manja pa ovolosi, n'kuwerenga ataimirira. 

"Mwanawe, ndi ine uyu?" anandifunsa.

"Ndi inu, ababa. Masamba atatu athunthu!"

Anamwetulira mpaka mipata ya mano awo oguluka inaoneka. Kumwetulirako kunakhala mwina mphindi imodzi. Kenako chala chawo chinaima pamzere wina.

"Za galasi wasiyamo?"

"Aaa, ndani angadziwe? Nyumba zosanja zilipo mbwee m'tauni muno."

"Nyumba zilipo mbwee," anatero, "koma lifiti yoima pakati pa yachitatu ndi yachinayi ilipo imodzi."

Amene anatipweteka sanali mdani. Anali dokotala wa mano wa pansanjika yachitatu, bambo wokoma mtima, amenenso anali m'gulu la okonda mbalame lija. Atangowerenga za lifiti anaizindikira, poti inamutsekerapo kangapo. Anatsika masitepe akuthamanga, anawakumbatira ababa pamaso pa anthu, n'kukakhoma masamba atatu aja pabolodi la pakhomo lalikulu. Pamwamba analemba ndi cholembera chofiira: "A Makiyi athu!" Lolemba m'mawa a Manijala, oyang'anira nyumba yonseyo, anaima pabolodipo n'kuwerenga kuyambira pamutu mpaka pansi.

Anawapatsa ababa mpaka Lachisanu: zisa zichoke, galasi libwerere. Nditamva ndinapita ndekha kuofesi kwa a Manijala, nditakonzekera kukangana ndi chilombo. Ndinapeza munthu wotopa, akumwa mankhwala a mutu.

"Mayi, nkhani ya bambo anu ndaiwerenga kawiri," anatero. "Ndi yabwino, sindinama. Koma madzi a thanki imeneyo amamwa anthu onse m'nyumba muno. Lero aliyense wawerenga kuti pamwamba pake pamagona mbalame. Kuyambira m'mawa foni sikuleka. Ndiwauze chiyani?"

"Thankiyo ndi yokutidwa, bwana. Tangotipatsani masabata atatu, ana auluke."

"Ndikanapanda kudziwa, bwenzi atauluka chaka chino ngati zaka zonsezi. Koma mwandidziwitsa nokha, mochita kusindikiza. Lachisanu ndikwera kukaona. Ndikapeza chisa, makiyi onse abwere patebulo pano, ndi wa chipinda womwe."

Dokotala uja anayesetsa ndithu. Analemba kalata yodandaula, anthu anayi anasaina, kenako odwala mano anamuchulukira.

Masiku atatu ababa sanalankhule za nkhaniyo. Lachinayi masana ndinawapeza akhala pabedi, akuwadyetsa amayi. Amayi ndi amene anayamba.

"Bambo ake, ngati ndi chifukwa cha ine, tiyeni tizipita. Kwinako tikaona konko."

"Kuti?" anatero ababa, akupukuta pachibwano pa amayi. "Kwa mwanayu ndi masitepe makumi atatu. Ndizikakuberekani? Tsegulani pakamwa."

Supuni itatha ntchito, anaimirira n'kutenga mpeni wopalira penti. A Manijala anali atanena kuti atumiza anthu, koma ababa anakana, akuti anthuwo akagwiritsa ntchito mtengo. Anandipatsa katoni yopanda kanthu, ndipo ndinawatsatira masitepe onsewo.

Zisa zinalipo khumi ndi chimodzi. Anakwera pa ndowa yawo yolembera ija, n'kumalowetsa mpeni pang'onopang'ono pakati pa chisa ndi khoma, dzanja lina litakhala pansi pake. Chilichonse ankandipatsira ndi manja awiri. Tiana tinkayasamula tikamwa tachikasu, kuganiza kuti chakudya chabwera. Makolo awo ankalowa ndi kutuluka pakazenera, akulira, kutizungulira m'mitu. Ine ndinkalira ngati mwana, mamina ndi misozi, koma ababa nkhope inali gwa. Atatha anathamangitsa mbalame zonse ndi chipewa, n'kumata galasi. Analimata bwino kwambiri, poti ntchito yosalongosoka saidziwa.

Katoni ija anakaiika padenga, pamthunzi, kuti mwina makolowo aziterapo. Sanaterepo. Pofika Loweruka munali zii. Sabata yonse yotsatira anamzeze ankabwera kudzawomba galasi lija, phu, phu, kufunafuna khomo lawo, ndipo ababa ankakwera m'mawa uliwonse kukapukuta madontho, chifukwa a Manijala anati likhale loyera.

Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Akanandilalatira bwenzi nditapepukidwa. Ndikapepesa ankangoti, "Unatayipa bwino, munalibe cholakwika ngakhale chimodzi," n'kupitiriza zimene akuchita. Mpopi wa kuseri anaukonza, unasiya kudontha.

Nyengo itatha anagulabe kope, monga mwa chizolowezi. Ndinalipeza Lamlungu lina pamwamba pa wailesi, ndipo amayi anandilozera ndi dzanja lawo labwino kuti nditsegule. Patsamba loyamba panali mizere itatu: "Chaka chino mababu apsa ambiri. Lifiti yaima kasanu ndi kawiri. Mbalame sindinaone." Masamba ena onse anali oyera. Ndinalibweza pamalo pake mwakachetechete, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkapita kumeneko mochita kudzikoka.

Mwezi wathawu mitambo inayambanso kusonkhana. Ndinapita masana ena kukawasambitsa amayi, ndipo ndikudutsa pa migolo ya zinyalala ndinamva kadontho. Mpopi uja unali ukudontha, pansi pake pali kadziwe ka matope. Ndili chiimire, namzeze anatera, anajompha matope, n'kuuluka chapansipansi kukhota pakona, kulowera cha kumagalaja. Kenako wina. 

Posakhalitsa ndinamva ngwerengwere. Ababa anatulukira pakona yomweyo, katoni yophwatalala ili m'khwapa, pensulo ili kukhutu, envelopu ikusuzumira m'thumba la ovolosi.

"Ababa! Abwera!" ndinafuula, kenako n'kutsitsa mawu. "Amanga kuti?"

Anaima. Anawongoka, n'kuika dzanja kumbuyo, mmene amaimira a Manijala akamawafunsa za ntchito.

"Ndani?"

"Anamzeze. Ndawaona ndi maso angawa, awiri. Sindiuza munthu, ababa, ndikulumbira."

Anandiyang'ana mopanda mkwiyo. Kenako anayankha ndi mawu aulemu aja amene amayankhira alendo osochera pakhomo lalikulu.

"Pepani, kuno kulibe mbalame. Mpopiwu wangowonongeka, ndiukonza mawa."

Anakankhira envelopu ija mkati mwa thumba, anamanga batani, n'kulowa m'chipinda kukawatembenuza amayi. Ine ndinatsala panja, pafupi ndi mpopi.